Lachitatu ku Ngabu: kolamu ya tsiku lobweza ngongole

Magetsi abwera mochedwa lero, ndiye ntchito yolowetsa marekodi a alimi a thonje mu database (nkhokwe ya marekodi mu kompyuta) ndayiyamba dzuwa litakwera kale, malata a ofesi akuthetheka. Fayilo ya CSV, ya mizere ndi makolamu, yachokera kwa alangizi athu: dzina la mlimi, kalabu yake, makilogalamu omwe anagulitsa, ndalama zomwe anabweza pa ngongole ya mbewu ndi mankhwala, ndi tsiku lomwe anabweza. Kolamu yomalizayi ndiyo yandithera tsiku lonse.

Mizere yambiri ya nyengo ya 2022 ilibe tsiku. Makaundula a kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga ndi Muona, ananyowa ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndaona chithunzi cha tsamba limodzi: mayina akuwerengeka, koma m'mphepete momwe munali masiku inki inasungunuka, mwangotsala chibuluu chokhachokha. Olemba anasiya malowo opanda kanthu, ndipo anachita bwino.

A manijala atasuzumira pa kompyuta anati, "Achimwene, ingoikani kuti pomwe palibe tsiku makinawo aziika okha la lero. Lipoti la mabowo chonchi akulikulu salilandira."

Kuika kwake sikovuta. Mu PostgreSQL, pulogalamu ya database yathu, ndi lamulo limodzi: ALTER TABLE malipiro ALTER COLUMN tsiku_lobweza SET DEFAULT CURRENT_DATE. Koma lokhalo silikanatseka mabowowo. COPY, lamulo lolowetsera fayilo mu database, imagwiritsa ntchito default (zomwe makina amaika okha) pokhapokha kolamuyo usanaitchule pa mndandanda wa makolamu. Ukaitchula, malo opanda kanthu mu CSV imawawerenga ngati NULL, kutanthauza kuti palibe kanthu, default ija n'kungokhala phee. Kuyambira PostgreSQL 16, ya mu 2023, ungathe kuika chizindikiro mu fayilo choti apa pagwe default, ndiye njira ilipo. Ine ndinakana pa chifukwa china.

"Bwana," ndinatero, "mayi wa ku Muona amene anabweza ngongole yake thonje litangogulidwa mu 2022 aoneka ngati wabweza lero. Mndandanda wa obweza mochedwa umachokera mu kolamu yomweyi. Nyengo ikubwerayi timumana mbewu."

Anakhala kaye chete, akudzikupiza ndi envelopu.

Paja komwe ndinkagwira kale tinali ndi pulogalamu ina ya database, SQL Server, yomwe ukaipatsa malo opanda kanthu kuti iwasandutse tsiku imalemba 1900-01-01. Zinkaseketsa, anthu onse obadwa tsiku limodzi, koma aliyense ankangoona n'kudziwa kuti ndi bodza. Tsiku la lero ndiye loopsa, chifukwa limaoneka loona. Pakatha miyezi palibe angasiyanitse lomwe mlangizi analemba ndi dzanja ndi lomwe makina anapeka.

Tinagwirizana chonchi. Ndawonjezera kolamu yatsopano, tsiku_lolowetsa, ndipo DEFAULT CURRENT_DATE ndaiika pamenepo, poti tsiku lomwe mzere walowa mu database ndi lokhalo lomwe kompyuta ikulidziwadi. Pa COPY sindinaitchule, ndiye yadzaza yokha. Kolamu ya tsiku_lobweza yatsala ndi NULL zake, ndipo mu lipoti pazituluka mawu oti "silikudziwika". Ndasinthanso funso lotulutsa obweza mochedwa kuti anthu amenewa lisawawerengere, aziikidwa paokha.

Kanthu kena kakang'ono: alangizi amalemba 03/06/2022 kutanthauza 3 Juni, pomwe seva yathu inali pa MDY (mwezi, tsiku, chaka), ikanawerenga 6 Malichi, nthawi yomwe thonje likadali m'munda. Ndaika datestyle, kawerengedwe ka masiku, pa DMY (tsiku, mwezi, chaka) ndisanalowetse.

Madzulo ndatumiza mayina a opanda tsikuwo kwa mlangizi wa ku Bangula pa WhatsApp. Wayankha kuti Lachisanu awoloka pa bwato pa Mtayamoyo, akafunse ngati ena anasunga malisiti awo. Akuti ambiri amawasunga mu jumbo pamodzi ndi chitupa cha unzika, ndiye ena apezeka ndithu. Omwe sapezeka atsala momwemo.