Masamba mwadulawo akadali ndi ludzu

Chaka choyamba chimene ndinaganiza zokongoletsa mnyumba pa Khirisimasi ndi masamba enieni mmalo mwa zapulasitiki zija, ndinadula nthambi zanga pa 10 Disembala, masana dzuwa lili paliwombo, nkuzimangirira pompo pachitseko, pawindo ndi pamwamba pa shelefu. Tsiku limenelo nyumba inakongola zedi, fungo la mkungudza linafika mpaka kuchipinda. Koma pofika pa 18 zinali zitayamba kale kufiira kunsonga, ndipo tsiku la Khirisimasi lenilenilo ukangotseka chitseko mwamphamvu pang'ono masamba ankangoyoyoka okha kuti waa pansi. Mwana wanga anatola kanthambi kamodzi nkukafinya mmanja, kanangoti phwanyu ngati udzu wouma, nde anandiyang'ana nkufunsa kuti amayi zafa kodi? Zinandikhudza kwambiri chifukwa ntchitoyo tinagwira limodzi ndipo iyeyo amayembekezera kuti alendo adzaione ili yobiriwira.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo nchakuti nthambi ukaidula siifa pomwepo ayi. Imakhala ikadali ndi moyo kwa masiku angapo, ndipo masamba ake amapitiriza kutulutsa madzi kudzera mtimabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso monga mmene ankachitira ali pamtengo, kungoti pano mizu yobwezera madziwo palibe. Nde ukaiika pouma, potentha, podutsa mphepo, imadzimalizira yokha madzi onse. Kuyambira pamene ndinamvetsa zimenezi ndinasiya kuyamba ndi funso loti ndikongoletsa bwanji, ndimayamba ndi loti masambawa amwa bwanji.

Panopa ndimadula mmamawa dzuwa lisanatenthe, nthawi imene nthambi zimakhala zodzadza madzi, ndipo ndimapita ndi ndowa yamadzi komweko kuti ndikangodula ndiponye mmadzi. Ndikafika pakhomo ndimazigwedeza kaye panja bwinobwino chifukwa mmasamba mumakhala akangaude, nyerere ndi tizilombo tina timene simungafune kuti tidzatulukire patebulo, kenako ndimadulanso kumunsi kwa nthambi iliyonse mopendeketsa ndi sizasi yakuthwa, nkuchotsa masamba onse amene angamire mmadzi. Amenewo ukawasiya amaola msanga, madzi amayamba kununkha ndipo zoolazo zimatseka njira imene nthambi imamwera. Ndikatero ndimaika ndowayo pamthunzi usiku wonse, kumanga ndi mawa lake. Usiku umodzi wokhawo umasintha zinthu kwambiri abale, nthambi yomwe yamwa mokwanira ukaigwira imamveka yolemerera komanso yozizirira, masamba ake ali njo.

Za tsiku lodulira nazonso ndinaphunzira movutikira. Kumayiko kumene Khirisimasi imagwa nthawi yachisanu, nkhata yopachika panja pachitseko imatha milungu itatu kapena kuposa ili bwinobwino chifukwa kuzizirako kumaisunga. Koma kumene imagwa nthawi yotentha, kapena mnyumba zimene amayatsa zotenthetsera, musayembekezere zimenezo. Ine zomwe sizikhala mmadzi ndimamanga pa 21 kapena 22, osati masiku amenewa asanafike, ngakhale ana akakamire bwanji. Zoika mmabotolo ndi mmajagi amadzi ndiye ndimatha kuyamba msanga chifukwa madzi ndimasintha pakapita masiku awiri aliwonse.

Si masamba onse amene amapirira. Amene ali olimba, okhuthala kapena onyezimira ngati apakidwa phula amasunga madzi nthawi yaitali, nchifukwa chake mkungudza, paini ndi bulugama zimachita bwino. Bulugama ndimamukonda mwapadera chifukwa ngakhale aume saoneka wakufa, amangosanduka wotuwira ndipo fungo limakhalapobe. Rosemary, kachitsamba konunkhira kothira mndiwo, nayenso amapirira, ndimamuika mtimabotolo tating'ono pakati patebulo. Nsonga zanthete zongophuka kumene zija, zobiriwira mowala zokopa maso, ndi zomwe zimayamba kugwetsa nkhope, ola limodzi lokha zalefuka, choncho muzisankha masamba okhwima. Ngati pali mtengo wina pakhomo panu umene mukuukayikira, dulani kanthambi kamodzi kutatsala sabata imodzi kuti nthawi ikwane, mukasiye pashelefu popanda madzi muone kuti kakhala masiku angati. Ine ndimapanga zimenezi chaka chilichonse ndi mitengo iwiri itatu yatsopano ndipo ndapeza ina yabwino imene sindikanaiganizira nkomwe.

Pakadulidwe pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndithu. Mitengo ya mtundu wa mkungudza ndi paini siphukanso ukadula mpaka kufika pathunthu pouma popanda masamba, bowo limene wasiyalo limakhala choncho zaka ndi zaka. Nde muzidula kunsonga kobiriwira kokha, pang'ono apa pang'ono apo kuzungulira mtengo wonse, makamaka mmunsi ndi kumbuyo, osamweta mbali imodzi. Ukamaliza munthu wodutsa asadziwe kuti pachotsedwa kanthu. Ndipo ngati mtengowo si wanu pemphani kaye, ambiri savuta, ena amakondwa kumene kuti mwawathandiza kusadzira mpanda. Zakutchire monga ndere ndi mitengo yosowa ine sindikhudza, zina mwa izo zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso ndipo kukongola kwa sabata imodzi sikungalipire zimenezo.

Tsopano nkhata, yomwe ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse. Sindigula chimango, ndimatenga nthambi zazitali zofewa kapena mpesa wouma nkupinda mozungulira kawiri katatu mpaka zitagwirana zokha, kukula kwake ngati beseni laling'ono. Kenako ndimadula masamba anga aja mtizidutswa totalika ngati chikhatho, nkumasonkhanitsa titatu kapena tinayi kukhala kamtolo kamodzi, mkungudza kumbuyo, bulugama patsogolo. Kamtolo koyamba ndimakagoneka pachimango nkukulunga waya woonda katatu kumunsi kwake, kukoka mwamphamvu ndithu. Kachiwiri kamagona pamwamba pa tsinde la koyamba kuti waya asaoneke, kachitatu chimodzimodzi, tonse kuloza mbali imodzi, ndipo waya sudula mpaka utazungulira nkhata yonse. Pomalizira pamavuta pang'ono, umayenera kutukula nsonga za kamtolo koyamba kaja nkulowetsa tsinde la komaliza pansi pake. Chimene anthu ambiri amalakwitsa nkumanga mofewa, amaiwala kuti nthambi zikamauma zimaphwa, nde patapita masiku atatu timitolo timayamba kusololoka. Kokani mpaka chala chimve kuwawa pang'ono.

Manja amakhala atada bii ndi utomoni, zala kumamatirana, ndipo sopo yekha sachotsa. Pakani kaye timafuta pang'ono, tikitani, kenako sopo, uchoka wonse. Koma ine sindithamangira kusamba, fungo lija lili mmanja ndimalimva ngati Khirisimasi yayamba.

Nkhata yokhala ndi makandulo, ya Adiventi, nyengo yoyembekezera Khirisimasi, ili ndi mbiri imene imandisangalatsa. Anaiyambitsa ndi m'busa wina wa ku Germany dzina lake Johann Hinrich Wichern mu 1839, ku Hamburg, kumene ankasamalira ana osauka. Anawo ankamufunsa tsiku ndi tsiku kuti Khirisimasi ifika liti, nde iye anatenga gudumu la ngolo nkuikapo timakandulo tofiira ta masiku wamba ndi makandulo anayi akuluakulu oyera a masiku a Lamulungu, tsiku lililonse nkumayatsa imodzi. Masamba obiriwira anadzawonjezedwa pambuyo pake. Ndikamamanga yanga ana ali pambali kufunsa funso lomwelo, ndimaona kuti ana sanasinthe. Mtengo wa Khirisimasi nawonso unachokera kumadera olankhula Chijeremani mzaka za m'ma 1500, ndipo unafala kwambiri pamene nyuzipepala ya Illustrated London News inasindikiza mu 1848 chithunzi cha Mfumukazi Victoria ya ku Britain ndi amuna ake Albert ataimirira ndi ana awo pozungulira mtengo wokongoletsedwa. Koma zolowetsa masamba mnyumba mwezi wa Disembala nzakale kuposa pamenepo, Aroma ankachita kale pachikondwerero chawo cha Saturnalia. Kwa anthu okhala kumene mitengo yonse imayoyoka nthawi yachisanu, tsamba lobiriwira pakati pa chisanu linali chizindikiro choti moyo ulipobe, nchifukwa chake ankasankha mitengo yosayoyola masamba.

Makandulo amenewo ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Nthambi za paini ndi mkungudza zili ndi utomoni, bulugama ali ndi mafuta, zikauma zimayaka mofulumira moopsa, sizipatsa munthu mpata wothamangira madzi. Ndinaziona ndekha tsiku lina nditaponya nkhata yakale pamoto panja, inangoti lawi kamodzi kutalika kuposa ine, masekondi ochepa yatha, ndinaima pamenepo mtima ukugunda poganiza kuti chinthu chomwechi chinali pabalaza panga pafupi ndi makatani. Kuyambira pamenepo kandulo iliyonse imakhala mkati mwa galasi lalitali kuposa lawi lake, ndipo sindituluka mchipinda ikuyaka ngakhale kwa mphindi imodzi. Pamasamba penipeni ndimangoika timagetsi ta LED, ta mabatire, chifukwa sititentha ngati mababu akale aja, ndipo pogona ndimathimitsa. Paja timagetsi ta pamtengo tinayamba mu 1882 ku New York pamene Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison wotchuka pa za mababu amagetsi, anakulunga mababu 80 pamtengo wake, nthawi imeneyo anthu ankamangirira makandulo oyaka panthambi zenizenizo ndipo nyumba zinkapsa.

Ngati mwasankha mtengo wathunthu wodula, nkhani ndi ya madzi yomweyo. Podulidwa paja utomoni umatseka pakangopita maola ochepa, nde musanauimike chekani kagawo ka masentimita awiri kumunsi, mowongoka, muuike mmadzi nthawi yomweyo. Masiku oyambirira umamwa modabwitsa, malita angapo patsiku, ndipo madzi akangotsika kupitirira podulidwa paja pamatsekanso, basi sumwanso ngakhale muthire bwanji. Madzi wamba ndi okwanira, palibe chifukwa chothiramo zina. Ine ndinasiya kudula mtengo wathunthu, ndili ndi wamoyo mumphika umene umakhala panja chaka chonse, ndimaulowetsa kwa sabata imodzi yokha nkuuika pafupi ndi windo.

Anthu ambiri amafuna kofiira pakati pa zobiriwirazo, ndipo apa mpofunika kusamala ngati pakhomo pali ana aang'ono kapena ziweto. Tizipatso tofiira ta holly komanso toyera ta mistletoe, zomera zimene amakongoletsera pa Khirisimasi kumayiko ozizira, timadwalitsa munthu akameza, ndipo tikauma timagwa pansi pomwe mwana wokwawa amafika. Oleander, chitsamba chamaluwa chobzala pakhomo, ndiye musayerekeze nkomwe kumulowetsa mnyumba, masamba ake amaoneka bwino ndipo amapirira koma mtengo wonsewo ndi poizoni. Poinsettia uja, duwa lofiira la Khirisimasi, si woopsa choncho koma utomoni wake woyera ngati mkaka umayabwa pakhungu ndipo mmaso umapweteka. Kwawo ndi ku Mexico, dzinalo linachokera kwa Joel Poinsett amene anali kazembe wa America kumeneko mzaka za m'ma 1820, ndipo zofiira zija si maluwa ayi, ndi masamba, maluwa ake ndi timikanda tachikasu tapakati tija. Amafiira usiku ukatalika, nchifukwa chake kum'mwera kwa dziko lapansi wobzalidwa panja amafiira cha mu Juni ndi Julayi, Disembala nkumupeza ali wobiriwira. Nde ine kofiira kanga ndimangopeza ndi kansalu kapena riboni, pamodzi ndi zibalobalo za paini ndi nyemba zouma za mitengo zimene ana amatola, zimenezo sizifuna madzi ndipo timasunga mkatoni chaka ndi chaka.

Siponji yobiriwira imene okonza maluwa amabayamo nthambi ija sindigwiritsanso ntchito. Ndi pulasitiki, imanyenyeka kukhala tifumbi timene timapita ndi madzi ndipo siola. Mmalo mwake ndimakwinya kawaya ka sefa nkukalowetsa mujagi, kapena kungoika timiyala, nthambi zimaima bwinobwino ndipo zimamwa madzi enieni.

Zikakhala pamalo pake ntchito yatsala ndi yochepa koma ya tsiku ndi tsiku. Mmawa uliwonse ndimazungulira ndi kabotolo kopopera madzi, nkhata ndimaipopera kutsogolo ndi kumbuyo komwe, timagetsi nditathimitsa kaye. Sindiika masamba pomwe dzuwa limawomba mwachindunji, pamwamba pa TV kapena kutsogolo kwa feni. Kukatentha kwambiri nkhata ya pachitseko ndimaitsitsa usiku nkuigoneka panja paudzu kuti imwe mame, mmawa nkuipachikanso, ndipo ndimasiya nthambi zingapo zapadera mndowa kuseri kwa nyumba kuti kamtolo kena kakafooka ndingosolola nkulowetsa katsopano.

Pa 6 Januwale timatsitsa zonse. Timakhala pansi ndi mwana wanga uja kumasula waya pang'onopang'ono nkumukulunga pakamtengo kuti adzagwirenso ntchito, riboni ndi zibalobalo kubwerera mkatoni, chimango kupachika pamsomali mosungira katundu. Masamba a bulugama ouma ndimatapako pang'ono nkuika mkathumba mkabati ya zovala, otsalawo timawaduladula nkukawathira pansi pa mitengo yomwe tinadulako ija.