Momwe ndinajambulira Makala, galu amene sindinamuonepo

Uthenga unalowa pa WhatsApp Lachiwiri madzulo ndikutsuka mabulashi. Anali mayi wina wa ku Namiwawa amene anaona chithunzi cha mphaka chomwe ndinajambulira mnzake. Galu wa mayi awo anali atafa miyezi iwiri m'mbuyomo, ndiye ankafuna chithunzi chapenti choti akawapatse pa tsiku lawo lobadwa. Dzina la galuyo linali Makala. Nditangowerenga dzinalo ndinadziwa kuti ndaiputa ntchito, chifukwa palibe amene amatcha galu woyera kuti Makala, ndipo kwa ife ojambula galu wakuda bii ndiye wovuta kuposa onse.

Ntchito yojambula ziweto za anthu ndakhala nayo zaka zingapo kuno ku Blantyre. Ndinayamba ngati anzanga ambiri, kujambula phiri la Mulanje, asodzi ali m'bwato, amayi atasenza mitsuko, n'kumakagulitsa kwa alendo m'tauni. Zimenezo aliyense amajambula, ndipo wogula amanenerera mpaka ndalama ya chinsalu osabwerera. Galu wa munthu sangamupeze pa msewu atajambulidwa kale, ndiye mtengo wake umamveka. Abale kumudzi amafa nacho chiseko akamva kuti kuli anthu olipira kuti galu ajambulidwe. Agogo anga anali ndi galu dzina lake Dziwazako, ndipo ankamuitana mokweza dala kuti a nyumba yoyandikana amve. Ankamukonda ndithu, koma chithunzi chake sakanalipira ngakhale tambala.

Choyamba ndimapempha zithunzi, zonse zimene mwini wake ali nazo, zoipa zomwe. Galu akakhala wamoyo ndimapita kukamujambula ndekha ndi foni, chifukwa eni ake amalakwitsa mofanana onse. Amaima chiriri n'kuloza foni pansi pafupi ndi nkhope ya galu. Kamera ya foni imaona motambasuka, ndiye chimene chayandikira chimakula: mphuno imatuluka ngati ya ng'ombe, makutu n'kuchepa, miyendo kukhala ngati timitengo. Ine ndimaima patali mamita awiri, n'kugwada kuti foni ikhale pa msinkhu wa maso a galu, kenako n'kukokera chithunzi pafupi. Ndimasankha pamthunzi m'mawa, dzuwa lisanalimbe.

Kwa Makala mwayi umenewo panalibe. Anatumiza zithunzi zisanu. Ziwiri anali patali, kadontho kakuda pa kapinga. Chimodzi anali akuthamanga, chonse mbuu. Chimodzi chinajambulidwa usiku ndi fulashi, maso ali ngwee obiriwira ngati a fisi. Kuseri kwa diso la galu ndi la mphaka kuli kachikopa kobweza kuwala komwe kamawathandiza kuona mumdima, ndipo fulashi ikamenya pamenepo mtundu weniweni wa diso suoneka. Chachisanu chokha ndiye chinali chogwirika: Makala atakhala pakhonde, atavala lamba wofiira m'khosi, akuyang'ana chapambali. Koma dzuwa linali kumbuyo kwake, moti nkhope yonse inali chimthunzi chimodzi, osasiyanitsa tsaya ndi chipumi.

Ndinawauza kuti ndi zithunzi zokhazi ndijambula galu wakuda, koma sakhala Makala, ndiye andilole ndifike kunyumbako. Tinapangana tsiku lomwe mayi awo amapita ku kwaya. Anandionetsa khonde lija, n'kundiuza kuti anali galu wofatsa, wokhulupirika, wokonda ana. Mawu amenewa ndimawamva pa galu aliyense, ndipo bulashi singachite nawo kanthu. Amene anandithandiza anali mlonda wa pakhomopo, bambo wachikulire amene anachezera usiku ndi galuyo zaka zambiri. Atamva chimene ndabwerera anabwera pafupi yekha.

"Achimwene, khutu lakumanzere lija musaliimike. Linagwa kalekale, anamenyana ndi galu wa kuseri uku."

"Linagwa lonse, bambo, kapena kunsonga kokha?"

Anapinda chala chawo chamkombaphala pakati kundionetsa. Kenako anandiuza kuti kukamwa kunali kutayamba imvi, makamaka pachibwano, kuti maso anali ngati tiyi wopanda mkaka, ndi kuti akamva geti ankapendeketsa mutu kumanja. Ndinalemba zonse m'kope. Mphindi khumi za mlondayo zinaposa zithunzi zisanu zija.

Za ndalama ndimakambirana ndisanagwire pensulo. Theka limalowa pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, lina ndikapereka chithunzi. Kale ndinkachita manyazi kunena zimenezi, mpaka ndinatsala ndi chithunzi cha galu wa mtundu wa Boerboel wa munthu amene anasiya kuyankha foni, chomwe chikanali kuseri kwa kabati mpaka lero. Komanso penti wabwino amachokera kunja, wanga ndimaitanitsa ku Joni kudzera mwa mnzanga woyenda geni, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chubu chilichonse chinasanduka chofinya mowerengera.

Tinagwirizana kukula kwa masentimita 40 kwa 50, mutu ndi chifuwa basi. Felemu ya paini anandikhomera kalipentala wa pafupi ndi kwathu, ine n'kukoka chinsalu ndekha, kuyambira pakati pa mbali iliyonse kupita kumakona, mpaka chikamalira ngati ng'oma ukachigogoda. Ndinapaka gesso, penti woyera woyalira pansi, katatu, n'kumakwecha pang'ono ndi sandipepala akauma. Pamwamba pake ndinapaka bulauni wosungunula ndi madzi. Pa chinsalu choyera mbee mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene uliri, ndipo ukamajambula galu wakuda diso limasokonezeka msanga.

Chithunzi cha pakhonde chija ndinakachisindikiza pa pepala la A4 nditachiwalitsa kwambiri pa foni, mpaka khoma la kumbuyo linayera n'kusowa, koma mafupa a nkhope anayamba kuoneka pang'ono. Ndinachidula kukhala masentimita 20 kwa 25, n'kulembapo timabokosi ta masentimita 2.5, asanu ndi atatu chopingasa, khumi chotsika. Pa chinsalu timabokosi tomweto koma ta masentimita 5. Ukatero umakopera kabokosi kamodzikamodzi ndi makala, osaganiza kuti ukujambula galu, kungoona kuti mzere uwu walowera pati ndipo watulukira pati. Ena amati kumeneko n'kubera. Ine ndimati wolipira akufuna galu wake, ndipo diso likasuntha ndi theka la sentimita amaona nthawi yomweyo ngakhale sangathe kunena chalakwika. Khutu lokha ndinasiya chithunzi n'kutsata chala cha mlonda.

Tsopano pa mtundu wakuda, pamene ndinataya masiku awiri. Ndikudziwa bwino kuti penti wakuda wa m'chubu amapha chithunzi, koma tsikulo ndinali pa changu, ndinamugwiritsa ntchito pa mutu wonse ndi maganizo oti ndiwalitsa pambuyo. M'mawa mwake ndinapeza dzenje looneka ngati galu pakati pa chinsalu. Ndikaikapo zoyera, zinkakhala ngati galu wagubuduka paphulusa. Ndinapaka bulauni pamwamba ponse, mizere yokha ya m'mbali n'kuisiya, ndi kuyambiranso mmene ndimayenera kuchitira poyamba.

Wakuda wanga ndimasakaniza ndekha, buluu wa ultramarine ndi bulauni wa burnt umber. Buluu akachuluka amatuluka wakuda wozizira, bulauni akachuluka wakuda wofunda, ndipo ndi awiriwo umatha kuumba mutu wonse. Mukamuyang'anitsitsa galu wakuda ali pabwalo muona kuti malo akuda kwenikweni ndi ochepa: m'kati mwa khutu, pansi pa chibwano, m'mabowo a mphuno, m'mphepete mwa diso. Kwina konse ubweya umatenga mtundu wa zomwe zamuzungulira. Pamwamba pa mutu ndi pamsana wa mphuno pamagwa buluu wa kumwamba. Pansi pa tsaya ndi pachifuwa pamabwerera kufiira kwa dothi kapena kwa simenti ya pakhonde. Khonde la ku Namiwawa lija linali lopolishidwa mofiira, ndiye ndinaika bulauni wofiirira wa burnt sienna pang'ono kunsi kwa nsagwada, ndipo mutu unatukuka n'kuchoka pa chinsalu.

Ndimagwiritsa ntchito acrylic, penti wosungunula ndi madzi, chifukwa penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume, ndipo anthu ambiri amabwera tsiku lobadwa litayandikira kale. Vuto la acrylic ndi loti amauma msanga mopitirira. M'mwezi wa Okutobala amauma pa bulashi usanafike nayo pa chinsalu. Ndili ndi kontena ya ayisikilimu yomwe pansi ndimayalamo kansalu konyowa, pamwamba pepala lophikira makeke, penti n'kumufinyira pamenepo, ndipo amakhala wofewa mpaka mawa. Ntchito ya Makala inagwa mu Julayi, chiperoni chili m'kati, ndiye chinyezi chinandipatsa mpata wosakaniza mitundu pa chinsalu pomwepo. Chomwe chinasowa ndi kuwala. Ndimagwira pafupi ndi zenera kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 3, chifukwa babu amanamiza mitundu, ndipo masiku ena nkhungu inkatseka phiri la Ndirande mpaka masana. Chinanso choti muzikumbukira: acrylic akauma amada pang'ono kuposa mmene amaonekera ali wonyowa, choncho ndimasakaniza moyererapo.

Maso ndimawajambula msanga, ubweya usanathe, chifukwa akakanika palibe chifukwa chovutikira ndi zina. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa maso awiri a Makala ndinatha m'mawa wonse ndi kabulashi kakang'ono kwambiri. Ndinayamba ndi mzere wakuda wozungulira, kenako bulauni wa tiyi uja, wakuda kumwamba komwe chikope chimaphimba, wowala kumunsi komwe kuwala kumatulukira. Mwanadiso wa galu ndi wozungulira, osati wong'ambika chotsika ngati wa mphaka pa dzuwa, ndipo m'mphepete mwake simufunika mzere wakuthwa. Choyera cha diso pa galu chimaoneka pang'ono chabe pakona, ndipo sichoyera kwenikweni. Ukachichulutsa galu amaoneka wamantha. Chomaliza ndi kadontho ka kuwala, penti woyera wa titanium white wosakaniza ndi buluu pang'ono, mbali imodzi m'maso onse awiri. Kadontho kameneka ndinakaika n'kukafuta kanayi. Kachisanu ndinabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, ndipo galu anali akundiyang'ana.

Mphuno sinavute: mabowo awiri opindikira kumbali, kamzere pakati kotsikira ku mlomo, ndi timadontho ta kuwala pamwamba kuti ioneke yonyowa. Ubweya ndimayamba ndi bulashi yaikulu kuika zigawo, tsitsi limodzilimodzi limabwera pamapeto ndipo m'malo ochepa okha. Chachikulu ndi kutsata kumene ubweya ukulowera, kuchoka pamphuno kupita kumbuyo, kukwera pamwamba pa maso, kutsika m'masaya. Imvi za pachibwano ndinaziika ndi bulashi yakale yomwe inanyanyuka, yosanyowetsa. Lamba wofiira uja ndinamujambula mosangalala, chifukwa pa zakuda zonsezo ankapatsa diso popumira.

Ndili ndi lamulo loti sindipaka vanishi mwini wake asanaone. Ndinatumiza chithunzi pa foni, mayi aja anayankha kuti n'chomwecho ndithu. Mlonda atachiona pa foni yawo akuti anangoti, "Khutu ndi lomweli." Koma poti mwini weniweni anali asanaone, ndinachitenga chosapaka vanishi, nditachikulunga m'chitenje, pa tsiku lobadwalo.

Amayi achikulirewo anavala magalasi, n'kuchiimika pa mpando, n'kukhala chete nthawi yaitali. Ine manja ali m'thumba, thukuta lili kamukamu chiperoni chili panja. Kenako analoza pakhosi.

"Mwana wanga, mwamujambula bwino. Koma lamba uyu ngwachiyani? Makala sankavala lamba. Tinangomuveka tsiku lopita naye ku katemera wa chiwewe, ndipo analira njira yonse."

Mwana wawo anagwira pakamwa. Chithunzi chokhacho chooneka bwino chinajambulidwa pa tsiku limene galuyo anadana nalo kwambiri, ndipo palibe anaganiza zondiuza, inenso sindinafunse.

"Pepani amayi, ndimuvula. Ndipatseni masiku atatu."

Ndinabwerera nacho pa minibasi nditachikumbatira pamiyendo. Kufuta chofiira pa acrylic sikovuta ngati palibe vanishi: ndinapaka wakuda wanga wofunda kawiri kuti chisaonekere, kenako n'kulumikiza ubweya wa m'khosi ndi wa pachifuwa. Amayiwo anali atandiuzanso potuluka kuti pansi pomwe panali lamba panali kachigamba koyera kangati chala chachikulu, kopendekera kumanzere, ndiye ndinakaika. Ndinadikira sabata yathunthu kuti penti aumitsitse, osati masiku atatu ndinalonjeza aja, n'kupaka vanishi wosawala kwambiri kawiri, chinsalu chitagona pa tebulo, zenera lotseka kuopa fumbi. Vanishi ndiye amabweza kuya kwa mitundu yakuda yomwe imafwifwa penti akauma.

Tinachipachika pabalaza moyang'anizana ndi khomo la kukhonde. Msomali anakhoma mlonda uja, ine ndikumuuza kuti akweze pang'ono kumanja. Theka lotsala linalowa pa Mpamba ndisanafike pa siteji, ndipo m'kope langa la mafunso ofunsa eni ziweto, pansi pa makutu ndi mtundu wa maso, ndinawonjezera mzere wa lamba.