Loweruka, 17 Meyi: Katambala kafika, maluwa sanamasule

Ku Winnipeg, mzinda wa m'chigawo cha Manitoba ku Canada, kwacha kozizira, madigiri 3 okha, udzu uli mbuu ndi kachisanu. Cha m'ma 6 koloko kambalame ka hummingbird kaonekera pabotolo la madzi a shuga lomwe timapachika kuti mbalamezi zizimwerapo. Ndi katambala, chifukwa pakhosi pake pakunyezimira mofiira kakatembenukira kudzuwa. Aamuna ndiwo amatsogola kufika, aakazi amabwera patapita sabata imodzi kapena kuposerapo. Mtundu womwe umaswana kuno ndi ruby-throated. Kamamwa timadzi ta m'maluwa monga choso, koma mbalamezi zimapezeka ku America kokha. Kamalemera magalamu pafupifupi 3, ndipo kachokera ku Mexico kapena ku Central America. Tambiri timadutsa pamwamba pa nyanja ya Gulf of Mexico, mtunda wa makilomita pafupifupi 800, osatera.

Vuto la kumpoto kuno ndi loti mbalameyi imafika dimba lisanadzuke. Kuthengo imapulumukira kwa gogomole wotchedwa yellow-bellied sapsucker, yemwe amaboola timabowo m'mizere pa makungwa a mitengo ya birch ndi maple. Ka hummingbird kamatsatira pambuyo, kumanyambita madzi otsekemera otuluka m'timabowoto ndi kutola tizilombo tokakamira pamenepo. M'tauni mitengo yotere ndi yochepa, ndiye botolo liyenera kukhala litapachikidwa kale pofika sabata yoyamba ya Meyi.

Ntchito yoyamba lero inali madzi atsopano. Kapu imodzi ya shuga woyera, makapu anayi a madzi. Wiritsani madziwo, sungunulani shuga, dikirani azizire. Uchi ayi, chifukwa ukasakanizidwa ndi madzi umasasa msanga n'kumera chuku. Shuga wabulauni ali ndi ayironi yemwe matupi a timbalameti sakwanitsa kutaya. Za utoto wofiira womwe amagulitsa m'masitolo, kumeneko n'kutaya ndalama chabe, kufiira kwa botolo lenilenilo n'kokwanira. Nyengo ino alendo ndi ochepa, choncho thirani theka la kapu basi, otsalawo asungidwe mufiriji osapitirira sabata.

Pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi pa ukhondo. Kukuzizira chonchi madzi amatha masiku anayi kapena asanu, koma mu Julaye kukatentha asinthidwe pa masiku awiri alionse. Akayamba kuoneka mbuu ndiye kuti asasa kale. Masulani zigawo zonse za botolo, tsukani ndi madzi otentha ndi viniga pang'ono, ndipo timabowo tomwera mutipitemo ndi kaburashi kakang'ono, chifukwa timadontho takuda ta chuku timayambira m'menemo, kunsi kwa timaluwa tapulasitiki komwe diso silifika. Amene alibe nthawi yotsuka, bola asapachike n'komwe. Nyerere zimaletsedwa ndi kakapu ka madzi komangirira pa waya pamwamba pa botolo. Mafuta pa wayapo musapake, amamata nthenga. Mavu amakopeka ndi mtundu wachikasu komanso ndi botolo lodontha, ndiye lathyathyathya longa mbale ndi labwino kuposa lozondoka, lomwe limakha dzuwa likaliwomba. Kumadera a kunyanja komwe kuli zimbalangondo, botolo limagona m'nyumba.

Masana dzuwa latentha ndithu, ndipo m'masitolo a mbande muli anthu piringupiringu popeza mkuja ndi tchuthi cha Victoria Day, tsiku lomwe ambiri amayamba kubzala. Komabe chisanu chomaliza kuno chimatha kugwa mpaka kumapeto kwa Meyi. Mbande za salvia wofiira ndi fuchsia zatulutsidwa maola ochepa pamthunzi n'kubwezedwa m'nyumba. Zimafuna masiku 7 mpaka 10 zikuzolowera mphepo pang'onopang'ono, apo ayi masamba amapsa n'kuyera. Nyemba za scarlet runner zidikire nthaka ifunde, chifukwa m'dothi lozizira ndi lonyowa zimangowola.

Dimba lokopa mbalamezi ndi lomwe maluwa ake amalandizana. Wild columbine, wamaluwa ofiira ndi achikasu oweramira pansi, wayamba kale kuphukira ndipo amasula kumapeto kwa mwezi uno mpaka mu Juni. Pampanda, honeysuckle wa Dropmore Scarlet wangotulutsa timasamba. Ameneyu anabadwira konkuno, anamupanga ndi Frank Skinner ku Dropmore m'chigawo cha Manitoba, n'chifukwa chake amapirira dzinja lofika madigiri -30 pamene zoyanga zina zimafa mpaka mizu. Chomuvuta ndi nsabwe za kumasamba zomwe zimapinda nsonga zanthete. Muzitsuke ndi madzi a mpope, mankhwala ayi, popeza timbalameti timadya tizilombo tambiri ndipo anapiye amaleredwa ndi tizilomboto. Mu Julaye ikhala nthawi ya bee balm. Lero zitsa zake zagawidwa n'kubzalidwa motalikirana masentimita 45, chifukwa zikathithikana masamba amachita chuku choyera. Jewelweed, yemwe amamera yekha pachinyezi pamthunzi, amamasula mu Ogasiti mbalame zikunenepera ulendo wobwerera, ndiye musamuzule yense ngati udzu. Mtundu uliwonse ubzalidwe pagulu, zomera zitatu kapena zisanu pamodzi, kuti zionekere patali.

Ukonde wa kangaude pakona pa khonde usiyeni. Mbalame yaikazi imamangira chisa ndi ulusi umenewo pamodzi ndi ndere, ndipo chisacho chimatamuka anapiye awiri akamakula.

Pofika madzulo katambala kaja kadzitengera kanthambi kouma pamwamba pa chitsamba cha lilac, kakulondera botolo. Kadzathamangitsa aliyense wobwera, choncho botolo lachiwiri lapachikidwa kuseri kwa nyumba komwe sikangaone onse awiri nthawi imodzi, kutali ndi zitsamba zomwe mphaka angabisalemo. Azanyengo ati usiku uno kufika -2. Kambalameko kapirira, chifukwa kukazizira kamatsitsa kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima, kukhala duu ngati kakufa mpaka m'mawa. Mukakapeza chotero musakagwire. Madzi a shuga amayamba kuundana cha pa -3, ndiye mabotolo alowa m'nyumba kukada ndipo atuluka kusanache, nthawi yomwe mbalame imadzuka ndi njala yaikulu.