Lamba wafupika, mpando wa khanda wakana kukhala

Abale, dzulo ndatuluka thukuta pafupifupi ola lathunthu ndikulimbana ndi mpando wa khanda m'galimoto. Mpandowu umayang'ana kumbuyo, ndiye lamba wa galimoto amadutsa pamwamba pa miyendo ya mwana kenako n'kuzungulira kumsana kwa mpando. Kagalimoto kathu kochokera ku Japan lamba wake ndi wamfupi, ankatsala zala zinayi zokha kuti alowe m'chomangira. Bambo a mwana amvekere tigule kachidutswa kotalikitsira lamba. Ndakaniratu, mipando imeneyi sanaiyese ndi zimenezo.

Chinatithandiza n'chakuti ndinakoka lamba yense mpaka kumapeto, n'kumudutsitsa m'timipata ta mpandowo (pa wathu n'ta buluu) mpando uli wopendekeka, ndikumanga, kenako n'kuukhazika bwino ndi kukoka mpaka utasiya kugwedera.

Madzulo ndikupukuta m'galimoto, ndapisa dzanja pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wa galimotoyo, ndagunda tizitsulo tiwiri. ISOFIX, tizitsulo tokolekapo mpando wa mwana! Chaka chonse osadziwa. Tikagula tsinde lake la mpando, lamba sadzafunikanso.

Wina anati tingomuika mwanayo kutsogolo. Pali airbag pamenepo (thumba la mpweya lofufuma pa ngozi), ikaphulika imamenya pamene pali mutu wa mwana. Ayi ndithu.