Ulendo wathu wa ku Mulanje ndi nkhani ya psion amene samagwa

Gulu lathu losewera Dungeons & Dragons (masewero a pagome osimbirana nthano ndi kuponya madayisi) ku Limbe linalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa anzathu a ku Mulanje, otipempha kuti tikawaone akusewera chifukwa masewero awo anali atayamba kuzizira. DM wawo, kutanthauza woyendetsa nkhani ndi adani, ndi mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kumeneko, ndipo sanabise mawu. Anati pagome pawo pali mtsikana amene munthu wake wa m'nkhani ndi psion (wa mphamvu za m'maganizo) wa level 7 wosagwa. Atumize zimphona, atumize zigawenga, iye ali chilili, pamene anzake akungotha ngati nkhuku za chitopa. Anyamata awiri anali atasiya kale kubwera.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa pa minibasi ya msewu wa Midima, kudzera pa Thuchila ndi pa Nkando, n'kukatsikira pa Chitakale. Chiperoni chinali chitakuta phiri moti Chambe tinangomuona kunsi kwake. Kuchoka apo tinakwera njinga zamoto za kabaza kulowera msewu wa ku Likhubula, mpaka pa nyumba ya aphunzitsiwo, imene yayang'anizana ndi minda ya tiyi.

Amasewerera pakhonde. Mapu amajambula pa pepala la timabokosi la masamu, anthu a m'nkhani ndi zitsekerero za mabotolo zolembedwa zilembo, ndipo dayisi ya mbali 20 ali nayo imodzi yokha imene amapatsirana, zinazo amaponya pa foni. Amasewera mtundu wa 3.5 chifukwa malamulo ake ali pa intaneti mwaulere mu System Reference Document, kuphatikizapo a psionics, mphamvu za m'maganizo, ochokera mu Expanded Psionics Handbook ya 2004. Aphunzitsi anapulintitsa masamba amene anaona kuti ndi ofunika n'kuwasoka ndi ulusi, ndipo nkhani yonse ya ulendowu inagona pa masamba amene anatsala osapulintidwa.

Kwa amene simunasewereko, psion ndi munthu wa m'masewero amene mphamvu zake zimachokera m'maganizo. Si zachilendo m'masewerowa. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, ndipo psionics inalowamo mu 1976 kudzera m'kabuku ka Eldritch Wizardry, kamene kanali kale ndi njira zodzitetezera monga Intellect Fortress ndi Tower of Iron Will. Mu 3.5 psion amakhala ndi mapointi a tsiku, ndipo mphamvu iliyonse amaigula ndi mapointiwo. Amayi awo a aphunzitsi atatibweretsera zinanazi anaima n'kumvetsera pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Ana inu, zamphamvu za m'mutuzi si zaufiti?" Aphunzitsi anawaonetsa pepala ndi dayisi, n'kuwauza kuti ndi nthano yowerengera manambala basi. Anatiuzanso kuti ngakhale nkhani yawo imachitikira pa phiri lofanana ndi la Mulanje, anagwirizana kuti za mizimu ya ku Sapitwa asaziikemo, chifukwa kwa anthu a kuno si zoseweretsa. Ine ndinawalemekeza kwambiri pa zimenezi.

Tinapempha kuti ayambe asewera okha ife tikuonerera. Aphunzitsi anatsegula ndi "Padangotelo," onse n'kuyankha "Tili tonse," ndipo pomwepo ndinadziwa kuti ichi tikachitengera ku Limbe. Nkhondo yoyamba isanafike patali tinaona mmene psion uja amadzimangira. M'mamawa wa m'nkhani amayatsa Inertial Armor, chishango cha m'maganizo, imene imakhala ola limodzi pa level iliyonse, ndiye kwa iye maola 7. Amayatsanso Share Pain pakati pa iye ndi psicrystal yake, kamwala kamoyo kamene amayenda nako m'thumba, kuti bala lililonse ligawike pakati, theka kwa iye theka kwa kamwalako. Adani akaonekera amayatsa Vigor, imene imapereka ma hit point (manambala a moyo amene bala limachotsa) 5 ongobwereka pa pointi iliyonse, ndipo poti psicrystal ili pafupi, nayonso imalandira omwewo.

Apa achikulire a gulu lathu anakweza dzanja. "Pepani achemwali, Vigor imeneyi mwalipira mapointi angati?"

"15, achimwene. Ndiye ndi 75 ine, 75 kamwala."

"Nanga level yanu?"

"7."

Achikulire anatsegula foni n'kuwerenga lamulo limene aliyense woyendetsa psionics ayenera kuliloweza: psion sangawononge pa mphamvu imodzi mapointi oposa manifester level yake, imene ndi level yake ya u-psion. Wa level 7 malire ake ndi 7. Njira zodumphira malirewa zilipo, monga Overchannel, koma pa level imeneyi imangowonjezera 1 ndipo mwiniwake amadzivulaza ndi 1d8, kuponya kumodzi kwa dayisi ya mbali 8. Mtsikanayo anagwira pakamwa. Sanabere munthu. Lamuloli lili m'chigawo chofotokoza mmene mphamvu zonse zimagwirira ntchito, osati pa tsamba la Vigor, ndipo chigawocho sichinali m'mpukutu wawo. Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Komatu vuto silinathere pamenepo. Ngakhale ndi lamulo loona, 35 kwa iye ndi 35 kwa kamwala ndi 70, ndipo mdani ayenera kumaliza zonsezo asanakhudze thupi la munthu amene dayisi yake ya ma hit point ndi d4, ya mbali 4 chabe. Inertial Armor ya mapointi 7 imapereka +7 pa Armor Class, nambala imene mdani ayenera kufika kuti am'menye. Zonsezi n'zololedwa, ndipo mtsikanayu anazipeza yekha powerenga pa foni usiku. Chimene chinkapha anzake sichinali iye. Aphunzitsi ataona kuti psion sakugwa ankangokulitsa nkhonya za adani, ndiye chimphona chimene anachikonza kuti chiboole 150 chikatembenukira kwa rogue, munthu wozembazemba, wa ma hit point 30 ndi kangachepe, nkhani yake inkathera pomwepo. Mnyamata wa rogue anali atalemba munthu watsopano kangapo, mpaka anasiya kuwaganizira mbiri.

Tinakambirana zimenezi pa nsima ya masana, ya ndiwo za nandolo ndi nkhwani, ndipo mtsutso unakula. Mnzathu wina wa ku Limbe anati yankho n'losavuta: aikeni m'phanga la Null Psionics Field, mmene mphamvu za m'maganizo sizigwira ntchito, kapena mdani aphwanye kamwalako, basi. Ine ndinakana ndipo ndikukanabe. Ukazimitsa mphamvu zonse za munthu ndiye kuti wamuuza akhale pakhonde maola atatu akuonerera anzake, chonsecho mlandu wake ndi woti anawerenga bwino. Kamodzi pa nkhani yaitali, pamene osewera achenjezedwa ndipo ali ndi njira yothawira, zikhoza kukoma. Kuchita sabata ndi sabata ndi chilango. Mtsikanayo anali phee nthawi yonseyi, kenako ananena mawu amene anasintha zokambirana: "Aphunzitsi, ine sindikana kugwa. Chimene sindifuna n'choti mundigwetse chifukwa mwatopa nane."

Titatero tinayamba kuyang'ana chishangocho mmene chilili, mtengo wake ndi nthawi yake. Psion wa level 7 amakhala ndi mapointi 46, ndipo Intelligence 18 imamuonjezera 14, zonse pamodzi 60. Inertial Armor ndi Share Pain zimadya 10 tsiku lisanayambe. Vigor iliyonse ndi 7, imatenga standard action yake (chochita chake chachikulu pa round), ndipo imakhala mphindi 7 zokha. M'kati mwa nkhondo imodzi mphindi 7 sizitha, poti round ndi masekondi 6, koma pakati pa nkhondo ziwiri zimatha. Kuiyatsanso isanathe sikuunjika, yatsopano imangolowa m'malo mwa yakale. Mapointi amabwerera pokhapokha atapuma maola 8, ndipo chosokoneza chilichonse chimaonjezera ola. Aphunzitsi ankaika nkhondo imodzi yaikulu pa tsiku la m'nkhani, kenako onse n'kukagona. Pa dongosolo lotere psion amalowa nkhondo iliyonse thumba lili lodzaza.

Palinso zinthu zimene sizifunsa ma hit point n'komwe. Will save ya psion, yodzitetezera m'maganizo, ndi yolimba, koma Fortitude ya kupirira kwa thupi ndi Reflex ya kuzinda n'zofooka, pa level 7 zimayambira pa +2. Poizoni wotsitsa Constitution, thanzi la thupi, sagawika ndi Share Pain. Utsi wa Stinking Cloud ukamugwira satha kuika maganizo pamodzi kuti ayatse kanthu. Ukonde ndi matsenga a Web zimamukola. Mdani akamugwira thupi amafunika Concentration check, kuponya dayisi kuti asasokonezeke maganizo, ya 20 kuphatikiza level ya mphamvuyo. Touch attack, kumenya kongofuna kumukhudza, ngati Scorching Ray siiwerengera Inertial Armor. Kamwala kakatalikira kupitirira mafiti 5, Vigor imene kanagawiridwa imachoka. Achikulire anawachenjezanso kuti matsenga otseka mawu a Silence kapena kumumanga manja n'kutaya nthawi, chifukwa psion salankhula kapena kugwedeza zala poyatsa mphamvu. Ndipo pa lamulo lokhazikika la 3.5, matsenga ndi psionics zimakhudzana, kotero Dispel Magic wamba, yozimitsa matsenga, imagwira ntchito: d20 (dayisi ya mbali 20) kuphatikiza caster level, level ya woponya matsengayo, kulimbana ndi 11 kuphatikiza manifester level. Wizard, munthu wamatsenga, wa level 7 amafunika kuponya 11 kapena kuposa, ndiye mwayi ndi theka pa mphamvu iliyonse.

Nzeru yokoma kuposa zonse inachokera kwa eni khonde. Mnyamata wa rogue analowa kukhitchini n'kubwera ndi nandolo wouma m'kambale, anawerenga njere 60 n'kuziika patsogolo pa psion. Pointi iliyonse ikapita, njere imatuluka m'mbale aliyense akuona.

Madzulo aphunzitsi anayendetsa okha, awiri a ife tinalowa ngati alendo a m'nkhani. Ntchito inali yotsitsa m'phiri anthu ocheka matabwa amene anagwidwa ndi zigawenga, kusanade. Njere 10 zinatuluka m'mamawa. Pa mtsinje woyamba mivi inatuluka m'nkhungu, mtsikana anayatsa Vigor, njere 7. Zigawenga zitaona mivi ikungogwa pansi zinabwerera m'nkhungumo, ndipo aphunzitsi anangoti, "Mwayenda theka la ola osaona munthu." Pa thanthwe lotsetsereka zinabweranso. Anayatsanso Vigor, koma ulendo uno palibe anamulasa. Zigawenga zinamudutsa n'kuthamangira ogwidwa aja, ndipo iye anayenera kuombera Energy Ray ya mapointi 7 katatu kuti azibweze. Ndinaona dzanja lake likuima pamwamba pa mbale lisanatole njere zomaliza za ulendo umenewo. Zinatsala 15.

Pa mpata wopapatiza wa kumunsi anakumana ndi wizard wa zigawengazo, amene anaponya Dispel Magic pa iye. Aphunzitsi anaponyera dayisi poyera, osabisa kuseri kwa buku. Pa Inertial Armor inagwa 6, chishango chinatsala. Pa Share Pain inagwa 14, ulusi wa iye ndi kamwala unaduka. Khonde lonse linakuwa. Fighter, msilikali wa gululo, anali atatsala ndi ma hit point ochepa, ogwidwa aja ali m'mbuyo mwake. Mtsikana anayang'ana njere zake kwa kanthawi, anatola 7, n'kunena kuti, "Achimwene, bwererani. Ine ndiima pampatapa." Anayatsa Vigor n'kutseka njira ndi thupi lake, 35 yokha popanda wogawana naye, ndipo anapirira ma round atatu pamene rogue ankakwawa m'matanthwe kukatulukira kumbuyo kwa wizard. Sneak attack yake, kumenya mozembera, ndi imene inamaliza nkhondo. Psion anatsala ndi ma hit point 4 ndi njere imodzi, chifukwa 7 zina anaziwononga pa chigawenga chimene chinafuna kumulumpha.

Palibe mdani m'modzi wa madzulo amenewa amene anali wamphamvu ngati zimphona zakale zija, ndipo palibe wosewera anafa. Chimene chinandigwira mtima n'choti chishango chomwe chija chimene chinkagawanitsa gulu ndi chimene chinapulumutsa fighter. Aphunzitsi anati sabata yotsatira aitana anyamata awiri anasiya aja, ndipo anapempha mtsikanayo kuti akhale wosunga malamulo a psionics pagomepo, poti ndiye amawawerenga kuposa onse.

Pali mfundo imodzi imene sitinamvane. Psicrystal ili ndi hardness 8, kulimba kumene kumachotsa 8 pa bala limene yalandira, ndiye funso ndi lakuti kodi theka la bala lobwera kudzera mu Share Pain lichotseredwe 8 ameneyo kapena ayi. Achikulire akuti ayi, chifukwa balalo silinamenye mwalawo, langosamutsidwa. Mtsikanayo akuti hardness imachotsa pa kuvulala kulikonse kwa chinthucho. Aphunzitsi anagamula kuti pagome pawo isachotseredwe kufikira tidzakumanenso, ndipo onse anavomera.

Tinakwera minibasi pa Chitakale kutayamba kuda, titagula zinanazi za kunyumba. Anzathuwa adzabwera ku Limbe sukulu zikatsekera. Pofika nthawiyo gulu lathu lalonjeza kupulinta chigawo chonse cha malamulo a psionics, kuphatikizapo cha Concentration ndi cha kupuma, ndi kusonkherana madayisi kuti asamadikirane imodzi. Amene muli ndi d20 kapena d6 zapadera mubwere nazo pa masewero a Loweruka likudzali, ndipo amene mudzawalandire kunyumba kwanu munene msanga kuti tidziwe malo ogona alipo angati.