Lachitatu: Kanyama, kenako Chawama

Mvula ya usiku wathawu yasiya komboni ya Kanyama, muno mu Lusaka, m'madzi. Ndinatsika basi cha m'ma 09 hours, majombo kumapazi, mafaelo a ntchito yanga ya welofeya nditawakulunga m'pulasitiki. Kuno thanthwe lili pafupi kwambiri pansi pa dothi, ndiye madzi salowa, amangoima pakati pa nyumba mpaka kubiriwira.

Khomo loyamba linali la ambuya ena amene akulera mdzukulu wa zaka 14. Mayina sindilemba, ndipo zina ndasintha dala. Mnyamatayu anagwidwa ataba foni m'tauni. Kukhala kale, bwenzi nkhani yake itafika kukhoti, mwinanso iye atatumizidwa ku Nakambala, sukulu yosungako ana olakwa ku Mazabuka. Koma lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limalola kuti mwana amene wavomera mlandu wocheperapo asaimirire m'bwalo, malinga pakhale dongosolo lomuwongolera ali kwawo. M'chaka chomwecho msinkhu woimbidwa mlandu unakwezedwa kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12. Foni inabwezedwa, mwini wake analandira kupepesa, ndipo pepala linafika patebulo panga lili ndi dzina limodzi lokha, la mwanayo.

"Mwabwera a welofeya? Mutengeni, ine wandikanika." Ambuya anatero akundipukutira kampando. Si kuti mdzukuluyo anamutaya mumtima. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, bambo ake anapita ku Copperbelt osatumizanso ngakhale moni. Ambuya amadzuka 04 hours kukaoda tomato ndi repu ku Soweto Market, nkumagulitsa mpaka kumada. Munthu wotopa chonchi akamva kuti boma lili ndi sukulu yosungako ana ovuta, amaiona ngati mpumulo.

Lero ndinachita mwayi chifukwa ndinapezanso amalume ake a mnyamatayu, amene ndi kondakitala ndipo sapezeka masana. Basi yawo ili kugalaja. Atatuwo anakhala motalikirana, mnyamata chakukhomo, maso pansi.

Mwanayu walangizidwa mokwanira. Abusa anamulangiza, apolisi anamulangiza, aphunzitsi, a CWAC (komiti ya welofeya ya m'derali), ngakhale azakhali ake a ku Katete pafoni. Ine kubwera ndi malangizo ena kukanangokhala kuwonjezera phokoso. Ndiye ndinangopempha kuti aliyense andifotokozere dzulo lake, kuyambira podzuka mpaka pogona, ola ndi ola, wina asalowerere.

Apa ndi pamene zinatulukira. Nyumbayi ndi ya zipinda ziwiri. Kuchipinda kumagona ambuya ndi adzukulu aakazi awiri. Pabalaza amalume amagona pasofa, mnyamata pansi. Amalume amaweruka cha m'ma 21 hours, amabwera ndi anzawo kudzaonera mpira, kabotolo kali m'thumba, ndipo malo amene alendowo amaponda ndi pomwe mnyamata amayala matilesi. Ndiye amadikira panja mpaka alendo atapita, nthawi zina pakati pa usiku. Panja usiku m'komboni mumapezeka ndani? Majanki, anyamata a mankhwala osokoneza bongo. M'mawa ambuya apita kale, amalume apita kale, womudzutsa palibe. Amafika kusukulu mochedwa, amapatsidwa chilango, tsiku lotsatira amaona kuti bola osapita. Kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere, ndi chinthu chabwino, koma makalasi adzaza moti mwana mmodzi wa giredi 7 akasowa, papita masiku mphunzitsi asanazindikire.

Nditafunsa kuti kuzolowera kusiteshoni ya mabasi kunayamba liti, ambuya anakumbukira okha: nthawi ya kolera, kumayambiriro kwa 2024, odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium ndipo sukulu zitachedwa kutsegulidwa mpaka mu February. Anzake anabwerera m'kalasi, iye mwendo umodzi unatsalira kwa anyamata oitanira mabasi.

Zonsezi muofesi sindikanazimva. Kuofesi anthu amabwera atasamba, atagwirizana kale zokanena. Kunyumba umaona ndi maso ako kuti pakati pa sofa ndi mbaula pali malo ogona munthu mmodzi basi.

Amalume sanakondwe. "Amayi, ndiye mukuti wolakwa ndine? Ife tinakula ndi chikwapu, taonani tinawongoka." Pakhoma panali kapaipi kakuda kamene sindinafunikire kufunsa ntchito yake. Ndinawauza mosabisa kuti lamulo la 2022 lija limaletsa kumenya mwana ngati chilango, ndipo ndikaona zipsera ndilibe mphamvu yobisa. Koma sindinaime pamenepo, chifukwa munthu ukamuopseza ndi lamulo lokha, ulendo wotsatira umapeza loko pachitseko. Ndinawafunsa kuti chimenyereni, mwanayu wayamba kubwera msanga kapena mochedwa. Anakhala chete pang'ono, nkuti masiku ena sabwera nkomwe. Ambuya anaponyapo kuti, "Iwenso atate ako ankakumenya, sunathawire ku Chipata miyezi itatu?" Amalume anaseka, mnyamata nayenso anadzutsa mutu koyamba.

Pangano limene tinalemba ndi laling'ono, ndipo ndinaonetsetsa kuti akuluakulu ndiwo ayambe kusuntha. Masiku a sukulu pabalaza pasakhale alendo ikakwana 21 hours. Lachisanu ndi Loweruka amalume achite zawo. Mnyamata akhale ali m'nyumba 19 hours. Mayi wa chipinda choyandikana nacho, amene mwana wake amaphunzira sukulu yomweyo, tinamuitana ndipo anavomera kumagogoda 06 hours. Mnyamata akaphwanya pangano, palibe paipi: mpira wa Loweruka kulibe, atsuke mapoto, ndipo amalume angondiliza kamodzi pafoni, ine ndiimba. Ambuya anaonjezera okha kuti Loweruka m'mawa aziwathandiza kukankha wilibala, azimupatsa K20 m'manja. Onse anasaina, ambuya anadinda chala, pepala tinalimata kuseri kwa chitseko.

Wina angaseke kuti uphungu wake ndi umenewu, wokambirana za matilesi? Njira yogwirira ntchito m'nyumba za ana ovuta imene imatchuka kwambiri, Multisystemic Therapy, anaiyambitsa Scott Henggeler ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mfundo yake ndi yakuti khalidwe la mwana limapangidwa ndi pakhomo, sukulu, anzake ndi dera, choncho wothandiza apite komweko m'malo momuchotsa mwanayo. Kumeneko mlangizi mmodzi amagwira mabanja anayi mpaka asanu ndi limodzi, kwa miyezi itatu mpaka isanu, ndipo banja limatha kupeza thandizo usana ndi usiku. Ife mafaelo athu ndi osawerengeka. Komanso mabuku awo akamati makolo, nthawi zambiri amaganiza za mayi ndi bambo. Kuno mawu omaliza akhoza kukhala ndi azakhali amene ali ku Katete, ndipo ukawadumpha, pangano lonse amaligwetsa ndi foni imodzi. Awa ndiwaimbira mawa. Koma mfundo yaikuluyo ine ndimaivomereza, ndipo sikuti zonse zimachokera kunja kokha. Njira ina ya uphungu yotchedwa CETA inayesedwa konkuno m'makomboni a Lusaka, alangizi ake ali anthu wamba ophunzitsidwa, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa mwauchidakwa zinachepa. Amalume aja, tsiku lina, nkhani ya kabotolo tidzaikamba. Lero ikanawononga zonse.

M'nyumba za lendi khoma silifika kudenga, ndipo anansi amamva chilichonse. Choncho ndinapempha ambuya kuti mdzukulu wawo andiperekeze pokwerera basi. Ana ambiri amalankhula bwino akuyenda, maso ali kutsogolo, osati atakhala moyang'anizana ndi munthu wamkulu wogwira bolopeni.

Titadutsa pogulitsira madzi anati, "Anti, foni ija sindinabe kuti ndigwiritse ntchito." Ali ndi ngongole ya K150 kwa anyamata akuluakulu a kusiteshoni, ya chamba chimene ankamupatsa kuti adzalipira. Foni inali yobwezera ngongoleyo. Foni inabwerera kwa mwini wake, ngongole ikadalipo, ndipo anyamatawo akudziwa njira imene amadzera popita kusukulu. Anandipempha kuti ndisawauze amalume chifukwa akamenyana nawo, iwowo adzabwezera kwa iye.

Apa ndiye pali fupa. Pangano lathu la kuseri kwa chitseko silifika kusiteshoni. Kulipira ngongoleyo ndi kuwauza anyamatawo kuti pakhomo pano pamatuluka ndalama. Kukanena kupolisi osakonzekera bwino ndi kumuika mwana pamoto, poti iye ndi amene adzatsale m'komboni ife titapita. Ndinamuuza kuti chinthu chimene chingamuvulaze sindingachisunge ndekha, koma tisankhe limodzi wamkulu woyamba kumuuza. Anasankha ambuya, Lachisanu, ine ndilipo. Pakadali pano azipita ndi kubwera limodzi ndi mwana wa anansi aja, ndipo ndinamulembera padzanja 116, nambala yaulere ya Childline, ndi yanga.

Ku Chawama ndinafika cha m'ma 14 hours, mabasi akukwawa m'matope. Kumeneko kuli mtsikana wa zaka 16 amene anabereka chaka chatha. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1997, malo ake akusungidwa, koma bambo ake akuti sangagulenso yunifolomu ya munthu amene anawachititsa manyazi. Lero anakana kulowa m'nyumba, anakhala panja akukonza njinga, khutu lili kuwindo. Ndinalankhula mokweza dala. Mayi ake avomera kusamala khanda m'mawa ngati mtsikanayo azikhala pakantemba masana. Potuluka bambowo anandifunsa, osandiyang'ana, kuti nsapato za sukulu zikugulidwa zingati masiku ano.

Khomo lachitatu ndinapeza anthu ena. Banja limene ndinkalifuna linasamuka usiku chifukwa cha lendi, ena akuti kukomboni ya John Laing, ena ku Misisi. Ndasiya uthenga kwa a CWAC.

Ndikulemba izi ndi tochi ya foni. Itangopitirira 21 hours foni inalira kamodzi nkuduka. Mtima unagunda, ndinaimba. Anali amalume aja. Mnyamata ali m'nyumba, wagona kale, koma funso lawo linali lakuti nanga Champions League poti imayamba 22 hours, nayonso ili m'pangano? Ndinati ili momwemo, lero ndi Lachitatu. Anadandaula kuti ku bala mowa ndi wodula, kenako anati apita kukaonera kwa mnzawo. Mawa ndiyambira kusukulu kwa mnyamatayu kukaonana ndi mphunzitsi wa uphungu, kuti dzina lake liziitanidwa tsiku ndi tsiku ndipo akasowa andiuze tsiku lomwelo.