Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chomwe Duke anatiukira

Gawo lapita ndinalekeza pomwe adona omwe ndinkawagwirira ntchito ya m'munda anakwera ndege kupita kwa mwana wawo ku Perth, mu Disembala 2008. Anandisiyira makiyi a nyumba ya ku Marlborough mu Harare, njinga ya malemu bwana, ndi galu. Za njingayo ndidzanena tsiku lina. Lero ndi za galu.

Dzina lake anali Duke, koma ana anga ankamuitana kuti Mzere. Anali wa mtundu wa Rhodesian Ridgeback, wofiira ngati katondo, ndipo pamsana pake panali mzere wa ubweya woloza kumutu pamene ubweya wina wonse waloza kumchira. Bwana akamwa pang'ono ankakonda kufotokoza kuti malamulo a maonekedwe a mtunduwu analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndiponso kuti makolo a galuyu ankatsekereza mkango mpaka mlenje afike. Ine mkango sindinauonepo ku Marlborough. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti Duke anafika pakhomopo ali kamwana kokwana m'chipewa, ndinamulera ndine, ndipo kwa zaka 7 sanalumepo munthu. Mwana wathu wotsiriza anaphunzira kuimirira atagwira khutu lake.

Amene munali mu Harare nthawi imeneyo mukukumbukira. M'masitolo munali mashelefu okhaokha, kolera ikupulula anthu ku Budiriro, ndipo mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la ndalama la 100 thiriliyoni lomwe amene analigwira anangoseka. Chakudya cha agalu cha m'matumba chinali chitasowa kalekale. Duke ankadya nsima yotsala, ndipo ndikapita ku Mbare Musika ndinkamupemphera mafupa kwa mnzanga wina wogulitsa nyama. Mafupa a miyendo ya ng'ombe, aakulu, ouma gwa. Ndinkaona ngati ndikumukomera mtima.

Chakumapeto kwa Febuluwale anayamba kudzuma. Poyamba ankatero munthu akadutsa pafupi ndi mbale yake. Kenako ukati umusisite kumutu, thupi lonse linkauma, maso atatuzula, mlomo wam'mwamba n'kukwera. Ukamuitana ankayang'ana kumbali ngati si iye. Ine ndinati ameneyu waona kuti azungu apita, ndiye akufuna aone ngati pakhomo pano pali mwamuna.

Ndinakulira ku Ntcheu, kumene galu akachita mwano mankhwala ake ndi mkwapulo. Ndinadula chidutswa cha paipi yothirira maluwa. Akadzuma, ndinkamukwapula. Patatha sabata ziwiri kudzuma kunatheratu, ndipo ndinauza mayi a ana kuti mwaona, nkhani yatha.

Lamlungu lina mlongo wanga anabwera kuchokera ku Dzivarasekwa ndi mwana wake wa zaka 9. Mwanayo anathamangira galu monga ankachitira nthawi zonse, n'kumugwira masaya ndi manja awiri. Sipanamveke kudzuma kulikonse. Tinangomva kukuwa kwa mwana. Mano awiri analowa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Mayi a ana anamutengera pampopi n'kutsuka balalo ndi sopo nthawi yaitali, madzi akuyenderera, ndipo a kukiliniki anati anachita bwino, bala la galu limafunika kutsukidwa mphindi 15. Mwayi wake kabuku ka katemera wa chiwewe adona anakasiya m'dirowa, ndipo katemerayo anali asanathe nthawi.

Mlongo wanga sanandilankhule miyezi itatu. Sindimuimba mlandu.

Nkhani inafika kwa amalume ku Mbare, iwo aja anabwera kuno mzindawu ukadali Salisbury, n'kupumira ntchito kukhonsolo. Anandiitanitsa.

"Iwe, galu wamkota sakandira pachabe," anatero. "Galu wakula nawe zaka zonsezi angoyamba kuluma magazi ako? Alipo amene sakukondwa kuti wasiyiridwa nyumba ya azungu. Upeze chingwe, nkhaniyi ithe usanaike maliro."

Ndinabwerera ndili wotsimikiza. Usiku umenewo mayi a ana anandiyang'ana ndikufunafuna chingwe kuseri kwa chitseko, ndiye anati, "Bambo ake, inu mumamupatsa chakudya n'kuchoka. Ine ndimakhala pakhonde. Galuyu akutafunira mbali imodzi, ndipo fupa lija mwabwera nalo Lachisanu sanalikhudze. Tamuyang'anani pansi pa diso lakumanzere." M'mawa ndinayang'ana. Panali kachotupa ngati dzira la njiwa. Amalume mwambi anaunena woona, kungoti chimene galuyo ankakandira sichinali kwa anansi.

Tinayenda wapansi kupita kwa dokotala wa ziweto yemwe adona ankapitako. Dokotalayo anayamba wandichotsa mantha a chiwewe: galu amene wayamba kuonetsa zizindikiro za matendawa sapitirira masiku pafupifupi 10 ali moyo, pomwe Duke anali atatha mwezi ndi theka ali choncho. Atamugoneka ndi jakisoni anandiitana kuti ndione. Dzino lalikulu lam'mwamba chakumbuyo, lomwe galu amadulira nyama, linali litang'aluka ngati nkhuni yowazidwa, ndipo mafinya anasonkhana kumizu yake, yomwe imathera pansi penipeni pa diso. Anandifunsa ngati ndimamupatsa mafupa olimba. Ndinangoyang'ana pansi. Anati galu wamkulu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, choyamba kufufuza ndi ululu: mano, makutu, chiuno, msana, mwinanso maso kapena makutu akuyamba kufa. Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kumupatsa mapiritsi athu opha ululu, chifukwa ena monga ibuprofen amaononga m'mimba ndi impso za galu. Dzinolo analichotsa. Nthawiyo dola ya ku America inali itangololedwa kumene, ndipo ndinalipira ndi ndalama zomwe adona anatumiza kuti ndikonzetse pampu ya pachitsime.

Ndinkayesa kuti dzino likachoka, Duke wakale abwerera. Sanabwerere. Chotupa chinaphwa, anayamba kudya bwino, koma dzanja likangoyandikira kumutu kwake ankauma chimodzimodzi, ali duu, osatulutsa mawu.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wogwira agalu pachipatalapo, wa ku Mabvuku, mdzukulu wa anthu a ku Mulanje. Chichewa chake chinali chosakaniza, ankanditchula amalume, nthawi zina lilime n'kuterereka kunena sekuru. Nditamufotokozera za paipi ija anagwira pakamwa.

"Amalume, mwathyola belu. Galu akamadzuma ndiye kuti akukuuzani kuti imani pomwepo, ndikumva kuwawa, kapena ndikuopa. Inu mwamuphunzitsa kuti akanena amenyedwa. Ululu sunachoke, mantha sanachoke, chachoka ndi chenjezo lokha. N'chifukwa chake mwana uja analumidwa mwakachetechete."

Mawu amenewa anandikhala pamtima kuposa bilu ya dokotala. Kwa miyezi iwiri galuyo ankaphunzira kuti dzanja la munthu limabweretsa zinthu ziwiri, ululu wa dzino ndi paipi. Tsono ntchito inali yoti aphunzire china m'malo mwake, ndipo zaka 7 si ukalamba woti galu n'kulephera kuphunzira.

Zida zake zinali matemba a ku Kariba, omwe kwa ine safika pa usipa wa kwathu, koma Duke analibe nazo ntchito zimenezo. Ndinkawasunga m'thumba la ovolosi. Akamadya, ndinkadutsa patali, mwina mapazi 10, n'kuponya kanthemba kamodzi pafupi ndi mbale, osaima, osamuyang'ana m'maso. Mawa lake chimodzimodzi. Ndikaona kuti akudzutsa mutu mchira uli lendelende, ndinkachepetsa mtunda ndi phazi limodzi. Akauma thupi, ndiye kuti ndafulumira, ndibwerere pomwe ndinali dzulo. Mbale sindinamulandepo ngakhale kamodzi. Anthu ambiri amati galu uzimulanda chakudya kuti adziwe mwini wake, koma taganizani munthu amene amakulandani mbale ya nsima tsiku lililonse, mungamulandire bwanji akamabwera?

Za kumugwira tinayambira kutali ndi pomwe pankawawa. Kukhudza paphewa, kanthemba. Pakhosi, kanthemba. Chinsinsi chili pa kufulumira kwa dzanja: mphotho ifike mkati mwa sekondi imodzi kapena ziwiri, apo ayi galu sadziwa chimene wapatsidwira. Mphindi 5 m'mawa, mphindi 5 madzulo, basi, n'kulekeza zinthu zikadali bwino.

Panalinso vuto la chinenero, loseketsa koma lenileni. Adona ankamulamula m'Chingerezi, ine m'Chichewa, ana anga obadwira kuno m'Chishona, "gara pasi" uku wina akukuwa "khala". Mnyamata uja anati tisankhe mawu amodzi pa chinthu chimodzi, nyumba yonse. Tinasankha atatu: khala, bwera, siya. Kunena kamodzi kokha, osati kubwereza ngati nyimbo. Pa "bwera" anatiletsa chinthu chimodzi: osamuitana kuti adzalangidwe kapena adzamangidwe, chifukwa mawa sadzabweranso. Ana tinawaikira lamulo loti galu akamadya kapena akagona, palibe womuyandikira, ndipo kukabwera alendo ankakhala kuseri kwa mpanda wa waya.

China chomwe ndinali nditaiwala: adona ankayenda naye madzulo alionse kudambo la Marlborough, ndipo chichokereni iwo galuyo sanatulukepo pageti. Ndinayambiranso ulendowo. Anthu a m'makombi, maminibasi a kuno, ankandiseka, wantchito wa m'munda kuyendetsa galu ngati mzungu. Ndinkangowakwezera dzanja.

Sabata yachitatu ndinapupuluma. Paphewa zinkayenda, pakhosi zinkayenda, ndiye ndinati lero ndifike patsaya. Dzanja litangodutsa khutu ndinamva kuchokera pansi pa chifuwa chake, pang'onopang'ono, kudzuma kuja. Ndinabweza dzanja, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri. Duke anandiyang'ana, akudikira paipi. Paipi sinabwere. Ananyambita mphuno, n'kukhala pansi yekha.

Ndinathamangira kukhitchini. "Mayi ake, wadzuma!"

Iwo anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. "Ndiye mukusekerera chiyani?"

Tsaya lakumanzere anadzandilola kuligwira mu Meyi, kuzizira kutayamba. Mwana wa mlongo wanga anabweranso mu Ogasiti, koma anakana kutsika pakhonde, ndipo sitinamukakamize. Anaponya matemba atatu ali pamwamba pomwepo, Duke n'kutola. Chipsera chili padzanja lake mpaka lero, ndipo panopa ndi bambo wa ana awiri, pakhomo pake saweta galu.

Amalume atamva kuti galu akadali moyo anangoti, "Dzino? Chabwino. Nanga analithyola ndani dzinolo?" Sindinawayankhe kuti ndine, ndi mafupa a ku Mbare komweko.

Adona anaimba foni mwezi womwewo kufunsa ngati pampu ya pachitsime inakonzedwa. Zomwe ndinawayankha, ndi za anthu omwe anawatumiza kudzachita lendi nyumba yaikulu atanyamula amphaka awiri, zikhala m'gawo 15.